Mawu Amene Ndinatsekera Fayilo

1

Ndakhala mlembi pa ofesi ya sukulu zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu amandidziwa ndi chinthu chimodzi: sindilankhula. Mphunzitsi akafuna kutula nkhani pamalo poti siituluka, amadzaitula patebulo langa. Mukadabwa kuti munthu wotere walemba bwanji zonsezi, dziwani kuti ndinayamba ndapemphera, kenako ndinapempha chilolezo kwa akulu anga. Sanavomere. Sanakanenso.

Ndimakhala kwa akulu angawo, m'chipinda cha kumapeto kwa kolido. Sindinakwatiwepo. M'nyumbamo tinalimo anthu anayi: akulu anga, omwe ndi telala, amuna awo amene ndi alamu anga, omwe amayendetsa galimoto yonyamula mabuku, ineyo, ndi mwana mmodzi yekhayo wa pakhomopo, mtsikana amene tonse timamutcha Injiniya. Dzinali analitola ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene anamasula wailesi ya alamu ndi mpeni wodulira buledi kuti aone anthu olankhulamo. Iye akamaitana akulu anga amati amayi. Ine amati amayi aang'ono.

Ndinali ndi kope. Mmawa uliwonse ndikatha kupemphera ndinkalembamo kalata yaifupi yopita kwa Injiniya, kalata yoti sindidzampatsa. Loweruka lina akulu anga analowa kuchipinda kwanga kudzayeza makatani, n'kulipeza pansi pa pilo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mapemphero chabe, asisi."

"Mapemphero oyamba ndi 'Wokondedwa Injiniya'? Mulungu anasintha dzina?"

"Mulibe kanthu mmenemo. Werengani."

"Ndawerenga. Mulibedi kanthu, n'chifukwa chake ndikuopa." Anatseka chitseko ndi chidendene n'kutsitsa mawu. "Iwe unalumbira, dzanja lili pa Baibulo. Lero ndi kope, mawa ndi pakamwa."

Anakaliotcha kuseri kwa nyumba pamodzi ndi zidutswa za nsalu. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapeza siketi yanga yakuntchito ili pabedi, thumba lake lomwe linang'ambika atalisoka bwinobwino. Akulu anga ndi otero. Sapepesa ndi pakamwa.

2

Ndinapirira miyezi iwiri osalemba. Kenako ndinagula laputopu yakale kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka. Inali yolemera ngati njerwa, ndipo batani la N linali louma, lofuna kulikanikiza ngati ukupha nsabwe.

Nthawi imeneyo Injiniya anali m'chaka choyamba ku koleji, akuphunzira za makompyuta. Ndinamupeza kukhitchini masana, akulu anga atapita kukagula ulusi.

"Kodi pali njira yoti munthu atseke zolemba zake, wina akatsegula asamvepo kanthu?"

Anandiyang'ana, supuni ili m'kamwa. "Amayi aang'ono, mwapeza chibwenzi?"

"Usandiseke."

"Ndi aphunzitsi a masamu aja amakupatsani moni kawiri?"

"Ndi mapemphero."

"Mapemphero obisa. Ndiye Mulunguyo mumupatsa kiyi wake?"

Pakamwa anatengera akulu anga. Koma anapukuta m'manja, n'kundikokera ku kolido. Kolido yathu ili ndi babu limodzi ndi masiwichi awiri, ina kufupi ndi pabalaza, ina pakhomo la chipinda changa.

"Imani uko. Yanu ili m'mwamba, yanganso m'mwamba. Mukuona chiyani?"

"Mdima."

"Tsitsani yanu."

Babu linayaka.

"Tsopano nditsitse yanga." Linazima. "Akafanana, mdima. Akasiyana, kuwala. Basi, kusukulu kwathu zimenezi amazitcha XOR, ndipo anthu amalephera nazo mayeso."

Anandiuza kuti m'kompyuta chilembo chilichonse chili ngati mzere wa timasiwichi tisanu ndi titatu. Pulogalamu imatenga chilembo cha zolemba zanga ndi chilembo cha mawu achinsinsi, amene iye ankawatcha kiyi, n'kuzifananiza siwichi ndi siwichi. Chotulukapo chimakhala chinthu china, chosawerengeka. Kiyi akatha, imamuyambanso poyambirira, mpaka fayilo yonse ithe.

"Nanga potsegula?"

"Kiyi yemweyo. Wotseka ndi yemweyo, wotsegula ndi yemweyo. Mukadina siwichi yanu kawiri, babu limabwerera mmene linalili. Mukadzalakwitsa potsegula, musachite mantha, ingobwerezani zomwezo, zidzabwerera pomwe zinali."

Analemba pulogalamuyo madzi a tiyi asanawire. Inali mizere khumi ndi iwiri yokha, m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python. Inkafunsa dzina la fayilo, kenako kiyi. Polemba kiyiyo zilembo sizinkaoneka, kuopa wosuzumira kumbuyo. Anandilangizanso kuti ndizilemba pa tsamba wamba, lopanda zokongoletsa.

"Koma ndikuuzirenitu, uyu ndi loko wa pakhola la nkhuku. Amayi angalephere, koma wodziwa atsegula. Musaikemo zinsinsi za dziko."

"Ndilibe za dziko."

"Ndiye sankhani kiyi. Mawu oti simungawaiwale, koma oti palibe munthu anakumvanipo mukuwanena. Zilembo zazing'ono zokhazokha, osasiya mpata."

Anatembenuka kuyang'ana kukhoma. Ndinalemba zilembo khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Mwatha kale?" anafunsa. "Mawuwo anali pafupi, eti?"

Ndinanyamuka kukathira tiyi.

3

Kwa zaka zitatu, mmawa uliwonse, ndinkatsegula fayilo, kulemba, n'kutseka. Dzina lake ndinaipatsa loti kwa_injiniya. Akulu anga anaitsegulapo kamodzi ndili kubafa. Ndinadziwa chifukwa pa chakudya anati, "Makina ako aja adwala, akulemba zilembo za anyerere." Sanafunsenso.

Zomwe ndinkalemba zinali zazing'ono. Lero wandisiyira ambulera pachitseko, sunanene kanthu, Ambuye akusunge. Lero unadwala mutu, unagona pamiyendo pa amayi ako, ine ndinabweretsa madzi. Lero wandisungira buledi wa kumapeto chifukwa ukudziwa kuti ndimamukonda. Lero waseka ndi dzanja pakamwa. M'nyumba muno oseka choncho tilipo awiri.

Koma kalata iliyonse inkafika pamalo pena pomwe ndinkaima. Mawu analipo, zala zinali pa mabatani, koma lumbiro lija linkandiletsa ngakhale m'fayilo yotseka. Ndiye ndinkaika chala chachikulu pa batani lalitali losiyira mpata, n'kungolikanikiza. Kamzere kothwanima kaja kankathamanga pa tsamba loyera, mzere umodzi, iwiri, nthawi zina isanu. Mtima ukatsika ndinkachotsa chala n'kulemba kuti Ameni.

Ndinkaona ngati pamenepo ndiye pamalo potetezeka kuposa ponse. Popanda kanthu munthu angawerengepo chiyani?

Munthu mmodzi yekha m'nyumbamo ndi amene ankakhudza nkhaniyo, kamodzi pa chaka. Tsiku lobadwa la Injiniya, alendo akamwazikana, alamu ankabwera pomwe ndikutsuka mbale, n'kutenga kansalu, kumapukuta makapu. Akatha ankati, "Zikomo, mlamu." Sankanena kuti zikomo wa chiyani. Inenso sindinkafunsa. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu, osaphonya.

4

Injiniya atamaliza sukulu anapeza ntchito kumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kalata ya ntchitoyo itabwera akulu anga anavina pabalaza, tepi yoyezera ili m'khosi. Inenso ndinakondwa. Kunatsala masiku khumi kuti anyamuke.

Mmawa wotsatira ndinalemba kalata yaitali kuposa zonse, ndipo theka lake linali mipata. Ndili mkati, akulu anga anagogoda.

"Iwe, alamu ako aliza kale galimoto. Ukufuna kuyenda wapansi?"

Ndinalemba kiyi mothamanga, n'kutseka laputopu.

Mawa lake nditalemba kiyi wanga, fayilo sinatseguke. Panatuluka zinyalala zokhazokha: timabokosi, tizikwangwani, zilembo zokhala ndi nyanga. Ndinakumbukira malangizo aja, ndinabwereza kiyi yemweyo kuti zibwerere pomwe zinali, n'kuyesanso pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Chimodzimodzi. Ndinayesa tsiku lachiwiri, lachitatu, lachisanu. Zaka zitatu za makalata zinali pamaso panga, koma sindinkatha kuwerengapo ngakhale Ameni mmodzi.

Ndinaganiza kuti ndi Mulungu watseka. Ndinati mwina wanditopera, munthu wosunga lumbiro ndi pakamwa pokha, mtima ukuliphwanya mmawa uliwonse. Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, Ambuye, mwana akupita, makalatanso mwatenga, nditsala ndi chiyani? Sindinamve yankho.

Chakudya chinasiya kulowa. Kuntchito ndinalemba dzina la mwana wina kawiri pa mndandanda wa mayeso, zomwe sindinachitepo. Alamu anaona. Lachisanu pondisiya pa geti la sukulu anatulutsa lalanje m'thumba la jekete, losenda kale, lokulunga m'pepala.

"Mudye nthawi yopuma, mlamu. Sindikufunsa kanthu."

5

Lamlungu titabwera kutchalitchi, Injiniya ankalongedza katundu. Masutikesi awiri anali otsegula pabalaza. Alamu anali pakhonde akupukuta nsapato zake za mtsikanayo, zonse, ngakhale zomwe sankatenga. Akulu anga anali pa makina, akumalizitsa diresi loti adzavale tsiku loyamba kuntchito.

Ine ndinkapinda zovala. Injiniya anandilanda bulauzi m'manja.

"Mwaipinda katatu imeneyi. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe."

"Amayi aang'ono, sabata yonseyi buledi wa kumapeto akungouma. Mukundilira ndisanapite?"

Ndikanangoti eya. Zikanathera pomwepo, akanandikumbatira, akanandiseka pang'ono. Koma ndinati, "Fayilo ija yakana kutseguka."

"Iti? Ya mapemphero? Mukugwiritsabe ntchito kapulogalamu kaja?" Anagwira kumutu. "Kamene ndinalemba ndili mwana kaja? Manyazi bwanji. Bweretsani ndione."

"Isiye."

"Ndisiye bwanji? Ndi ntchito ya manja anga yakudyerani zinthu. Ndipite kukagwira ntchito kwa anthu, kunyumba nditasiya ngozi?"

"Kiyi sindingakuuze."

"Sindikumufuna. Ndingoona ngati fayiloyo ili yonse, kapena yaduka."

"Ungathe kuwerenga popanda kiyi?"

"Ndingoitsegula mmene ilili, yotseka. Ndiona zinyalala zomwe inu mukuonazo."

Apa ndi pomwe ndiyenera kunena zoona, chifukwa ndi pomwe akulu anga amandiimba mlandu. Ndinakumbukira bwinobwino kuti anati wodziwa atsegula. Ndinadziwanso kuti amene ali patsogolo panga salinso wa chaka choyamba. Ndinaima pakati pa kolido kwa kanthawi, laputopu ili m'manja. Ndinadziuza kuti m'makalatamo mulibe kanthu, akawerenga apeza maambulera ndi buledi. Zinali zoona. Koma sindikudziwa ngati ndi chifukwa chokhacho chimene miyendo yanga inayendera.

Ndinaiika patebulo lodyera.

6

Anakhala pansi, mwendo umodzi ataupinda pampando. Ataona dzina la fayilo anamwetulira.

"Kwa Injiniya. Ndiye mumandipempherera mobisa? N'chifukwa chake ndinakhoza masamu."

Anaitsegula. Tsamba linadzaza zinyalala zija. Ankatsitsa ndi chala chimodzi, akuimba kanyimbo m'mphuno.

"Ili yonse, sinaduke. Ndiye kuti potseka munalakwitsa penapake. Tingoyenera kupeza kuti..."

Kanyimbo kanaima.

Ndinali nditaima kumbuyo kwake, ndipo ndinaona nthawi imodzi ndi iye. Pakati pa timabokosi ndi tizikwangwani panali malo oyera, zilembo zomveka, zazikuluzikulu, zondondozana mzere wonse, n'kupitirira mzere wachiwiri, wachitatu, wachinayi.

NDINAKUBALADINENDINAKUBALADINENDINAKUBALADINE

Anatsitsa. Zinyalala pang'ono, kenako zomwezo. Anatsitsanso. Zomwezo. Paliponse pomwe ndinakanikiza batani lalitali lija, paliponse pomwe ndinakhala chete zaka zitatu, panali mawu amenewo.

Kunja ndinkamva burashi ya alamu pa nsapato. Kuchipinda makina a akulu anga ankalira.

Injiniya sanatembenuke. Analankhula ndi mawu osalala, ngati akuyankha funso la mayeso.

"Mpata subisa kanthu. Pa timasiwichi take tisanu ndi titatu, koyatsa ndi kamodzi kokha, komwe kamasiyanitsa chilembo chaching'ono ndi chachikulu. Ukakumana ndi kiyi sumusintha. Umangomukuza. Chaka choyamba sindinkadziwa zimenezi."



Analoza pa sikirini ndi chikhadabo. "Munasiya N. Apa, pakati pa 'bala' ndi 'dine'. Batani lanu lija."

Kenako anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ataika chilembocho pamalo pake.

"Ndinakubala ndine."

Makina anasiya kulira. Akulu anga anatulukira ndi diresi pamkono, mapini atatu ali pakamwa.

"Taimirira ndiyeze m'chiuno," anatero kudzera m'mano. Palibe anasuntha. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, kenako anawerama pa sikirini. Zilembo za anyerere sakanaziwerenga, koma izi zinali zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo. Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, n'kuibaya pa diresi.

"Amayi," anatero Injiniya, "fayiloyi ndi yolembera ine. Akunena ndani?"

7

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo likadzafika, ndidzalankhula ndine. Analankhula ndi akulu anga. Anakhala pa sutikesi, diresi lili pamiyendo, n'kunena zonse mosazungulira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndili pasukulu. Mnyamatayo anakana, ndipo makolo ake anamusamutsa mwezi womwewo. Akulu anga anali atakhala pabanja zaka zisanu opanda mwana, ndipo adokotala anali atawauza kale kuti asayembekezere. Anandipititsa kwawo, komwe alamu ankagwira ntchito nthawi imeneyo, kutali ndi aliyense wotidziwa. Titabwerako, mwana anali kumsana kwa akulu anga, ine ndinanyamula chikwama cha matewera. Ndinabwerera kusukulu. Palibe anandiloza chala.

"Sindinakube," anatero akulu anga. "Ndikufuna umve zimenezo. Ndinapempha, iye anavomera."

"Munavomera?" Injiniya anandifunsa, koyamba kundiyang'ana.

"Ndinavomera."

Alamu anali ataima pakhomo, nsapato imodzi itavekedwa kudzanja. Injiniya anawatembenukira.

"Nanga inu, ababa? Ndinu bambo anga?"

"Kubala ayi," anatero alamu. "Zina zonse, eya."

Mwanayo anagwedeza mutu. Sanalire. Anabwerera pa laputopu, anaitana kapulogalamu kake, n'kulemba kiyi wolumala uja, wopanda N. Fayilo inatseguka. Makalata anga onse anabwerera, oyera ngati sanachokepo.

Anayamba kuwerenga. Ankathamanga, akufunafuna, ndipo ndinadziwa chomwe ankafuna: pomwe ndinafotokoza, pomwe ndinapepesa, pomwe ndinanena chifukwa. Anapeza ambulera. Anapeza madzi a mutu. Anapeza mipata.

"Zaka zitatu," anatero. "Masamba onsewa. Ndipo ngakhale muno simunandiuze?"

"Ndinalumbira."

"Munalumbira kwa amayi. Kwa ine munalumbira chiyani?"

Kenako anapitiriza.

"Tsiku lija ndinadwala malungo kuchipatala, anamwino atafunsa kuti mayi ake ndi ati, inu munatuluka panja. Ndinkaganiza kuti mumaopa magazi." Anaseka pang'ono, dzanja lili pakamwa, kenako anayang'ana dzanjalo n'kulitsitsa. "Anthu atatu, patebulo limodzi, tsiku ndi tsiku. Ine ndikukupatsirani mchere."

"Mwana wanga," anatero akulu anga.

"Wa ndani? Muyambe mwagwirizana."

Analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko, osamenyetsa. Alamu anabwerera pakhonde. Patapita kanthawi ndinamvanso burashi.

Akulu anga anapinda diresi mosamala.

"Wakwanitsa," anatero.

"Sindinafune, asisi."

"Kope ndinachita kulipeza pansi pa pilo. Ichi wachita kubweretsa wekha, ndi manja awiri."

"Sindinalembemo ngakhale liwu limodzi."

"Unalemba pachitseko." Anaimirira. "Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikudzuka ndi mantha kuti lero ayamba kukufanana. Iwe unali ndi makalata ako. Ine ndinali ndi ndani womuuza?"

Zimenezo sindinaziganizirepo. Ndikuvomereza pamaso pa Mulungu, m'mapemphero anga onse a zaka zimenezo sindinawapemphererepo akulu anga pa mantha awo. Ndinkaona ngati wolandidwa ndine ndekha.

8

Injiniya ananyamuka Lachitatu, monga zinakonzedwera. Diresi anatenga. Ku depoti analola alamu okha kumuperekeza. Potuluka anatigwira chanza tonse awiri, ine ndi akulu anga, mofanana ndendende, ngati alendo a kutchalitchi. Sanaitane aliyense ndi dzina lililonse.

Atafika anatumizira alamu uthenga wa mawu awiri: ndafika bwino. Kenako zii.

Nyumba inakula. Akulu anga ankandilankhula zofunika zokha: mchere watha, chitseko sunakhome. Buledi wa kumapeto ankamudula n'kumuika m'mbale ya alamu. Ine sindinatsegulenso laputopu. Mmawa ndinkagwada, koma mawu ankabwera ochepa. Ndinkangoti, Ambuye, mumusunge. Kenako ndinaphunzira kuwonjezera kuti, ndi asisi omwe.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachiwiri, ndili ku ofesi, kunabwera imelo yochokera kwa iye. Munalibe moni, munalibe mawu alionse. Munali fayilo yokha, dzina lake yankho.

Ndinadikira mpaka kuweruka. Kunyumba ndinaiika m'laputopu, ndinaitana kapulogalamu kaja, n'kulemba kiyi wanga, N aliyense ndikumukanikiza mwamphamvu. Zinyalala. Ndinabweza. Ndinayesa wolumala uja. Zinyalala. Ndinabwezanso.

Ndinakhala pabedi, manja ali pamiyendo. Kenako ndinaganiza: mwana uyu akudziwa kuti kiyi wake sindikumudziwa. Akudziwanso zomwe ndinaona nditaima kumbuyo kwake.

Ndinaitsegula mmene inalili, yotseka.

Munalibe kabokosi ngakhale kamodzi. Tsamba lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, linali zilembo zazikulu.

NDIPATSENINTHAWINDIPATSENINTHAWINDIPATSENINTHAWI

Ndiye kuti sanalembe liwu lililonse. Anakhala pansi kwinakwake kumzinda uko, anaika chala pa batani lalitali, n'kulikanikiza mpaka tsamba kudzaza.

Ndinafunafuna ngati penapake pali "amayi", kapena "aang'ono". Panalibe.

Ndinanyamula laputopu, ndinadutsa kolido, n'kukaima pakhomo la chipinda chosokera. Akulu anga anali akudula nsalu.

"Asisi, watumiza."

Anaika sizasi pansi. Anavala magalasi, anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka pansi, ngakhale mizere yonse inali yofanana.

"Watumizira iwe."

"Akuti ndipatseni. Ndi tonse."

"Kapena ndi ulemu chabe."

"Kapena."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kansalu komwe anali atangodula.

"Uyu ndi wakodi," anatero. "Anthu osatha kulankhula ngati anthu."

Ndinatembenuka kuti ndizipita. Anandigwira pamkono, n'kundikonza kolala ya bulauzi, yomwe inali itapindikira mkati tsiku lonse.

"Umayenda chonchi kuntchito? Anthu aziti kwanu kulibe telala."

9

Papita miyezi inayi. Injiniya amaimbira alamu Lamlungu lililonse, ndipo amafunsa kuti onse ali bwanji kumeneko. Onse. Sanalankhulebe ndi ine kapena ndi akulu anga. Wanena kuti abwera pa tchuthi. Sindikudziwa kuti akadzalowa pakhomo adzanditcha ndani, ndipo ndasiya kupempha Mulungu kuti asankhe dzina limene ine ndikufuna, chifukwa lililonse limene angandipatse, wina m'nyumba muno limupweteka.

Inu owerenga, sindikuuzani kuti muulule zinsinsi zanu, kapena kuti muzisunge. Ine ndachita zonse ziwiri, ndipo zonse ndazichita moipa. Ndingonena zomwe ndinaona ndi maso anga patebulo lija. Zonse zimene ndinalemba zinabisika bwinobwino. Chimene chinanditulutsa ndi malo omwe ndinakhala chete. Ngati muli ndi munthu m'nyumba amene mumamuthawa maso akafunsa funso linalake, amene mumatuluka panja nkhani ikafika penapake, musadzinamize kuti sakuwerenga. Ndipo musachite ngati ine, kuiwala kuti amene munalumbira naye akunyamulanso mbali yake.

Mukamapemphera mutikumbukire, atatufe ndi mwanayo.

Laputopu ndinayambanso kuitsegula mmawa. Batani la N alamu analikonza ndi kadontho ka mafuta a makina osokera. Kapulogalamu kaja kadakalipo, koma sindikukagwiritsanso ntchito. Kalata ya dzulo ndinaisiya yosatseka patebulo lodyera, ndipo pobwera kuntchito ndinapeza akulu anga atawonjezera mzere umodzi pansi pake, ndi chala chimodzi, zilembo zazing'ono zokhazokha: umuuze adzabweretse diresi lija, m'chiuno sindinayeze.